Jezi ya pa Zigwagwa

Ndinaigula pa Zigwagwa tsiku lotsegula belo,
amayi akulimbirana majuzi a ana.
Inali pansi penipeni, yofiira ngati matope a ku Chiputula,
nambala 17 kumsana,
pamwamba pake zilembo zina zitatembenuka
ngati ana okana kulowa m'kalasi.

Aphunzitsi a Sichinga anaiyang'anitsitsa,
anavula mandala, navalanso.
"Ichi n'Chirasha," anatero. "Mwini wake ndi mkazi."
Kupitirira apo anangopukusa mutu.

Zotsalazo ndinawerenga ndekha.
Phewa lamanja linali litaperepeseka:
ameneyu ankaponya ndi dzanja lamanja, zaka ndi zaka.
Pamimba panali madontho a ulimbo okana sopo
pomwe ankapukutira zala.
Pakhosi anasokapo kawiri, ulusi wosiyana,
pomwe adani ankamugwira akauluka.
Sanali wotenthetsa benchi ameneyu.

Ife bwalo lathu linali simenti yong'aluka ku Katoto,
magolo a mapaipi owotcheretsa ku Luwinga,
ukonde wa usodzi umene amalume a Ndindase anataya.
Odutsa ankafunsa, "Ntchemberembaye?"
Ayi, handibolo.
"Ndiye chiyaninso chimenecho?"
Amayi anga anabwera kamodzi kokha,
anaona ndikugwetsedwa chagada, anthu n'kuwomba m'manja,
anabwerera osanditsanzika.

M'mawa wa Juni nkhungu ikatsika ku Kaning'ina
mpira unkaluma zala ngati mwala.
Ndinkati, iwe wa 17,
kwanu amati madzi amauma gwa m'chitsime,
ine ndilire chifukwa cha kamphepo aka?
Ndiye ndinkathamanga, mpweya ukufuka m'kamwa,
kudumpha mzere wokhota uja,
kulendewera m'malere kamphindi kamene
munthu alibe ngongole, alibe mlamu, alibe dzina.

Nyengo zisanu ndi ziwiri.
Ku Lilongwe tinapita pa lole ya matabwa
ndipo tinagonja ndi chigoli chimodzi,
Ndindase atatchinga golo ndi chala chothyoka
chomangidwa ndi kansalu ka chitenje.
Anatilonjeza ulendo wakunja.
Tinajambulitsa zithunzi za pasipoti.
Changa chikadali m'Baibulo, pa Yobu.

Bondo linapita Lachinayi wamba, pokonzekera chabe.
Ndinatera molakwika,
linalira ngati chinangwa chouma pothyoka.
Kuchipatala anati gona milungu isanu ndi umodzi.
Milunguyo yakwana zaka zinayi.

Tsopano ndimagulitsa nthochi pafupi ndi depoti.
Ndikaponyera kondakitala chenje pawindo la basi yonyamuka
sindiphonya.
Anyamata a njinga amaseka, amati mayi awa ali ndi mkono.

Nanga iwe unasiya bwanji?
Linali bondo nawenso, kapena mimba,
kapena kamtsikana kothamanga kuposa iwe
kamene kanafika kakumwetulira, kakukutchula achemwali?
Anakuimbira m'manja tsiku lomaliza?
Ndani anaika jeziyi m'thumba la zotaya,
iwe mwini, kapena mwamuna wako pokonza m'nyumba?

Mwezi watha mnyamata wa kuyunivesite, pogula nthochi,
anaona zilembozo pansi pa juzi yanga.
Anati, "Ndijambule, foni itiuza zonse:
matimu ake, zigoli zake, ngati ali moyo."
Ndinaganiza nthawi yaitali, makasitomala akudikira.
Ndinati ayi, achimwene, tengani nthochi zanu.
Bwanji foniyo ikati anali wamba?
Bwanji ikati anali wamkulu zedi,
woti sakanandipatsa ndi moni womwe?

Loweruka ndimatsimphina kupita ku Katoto.
Kuli kamtsikana ka ku Mchengautuwa, Mwizaso,
kamiyendo ngati bango, kaukali ngati mavu.
Dzulo ndinakaveka jeziyo.
Ikukafika m'mawondo.
Kamaponya ndi dzanja lamanzere,
choncho phewa linalo, limene tonse awiri tinalisunga,
liyambe nalo kutha.